Tsiku Limene Seva Inaiwala Apongozi Anga

Ntchito yanga pa esiteti inali yosamala makompyuta a kusikelo, kumene alimi a m'midzi amadzayezetsa tiyi wawo. Tinali ndi maseva awiri, makompyuta akuluakulu osungiramo zolemba zonse. Yaikulu inkasunga mayina ndi manambala a alimi onse, inayo inkangokopera chilichonse, kudikira tsiku limene inzake idzafe. Ndinkaitcha wachiwiri kwa wapampando, ndipo ndinkanyada nayo, osanama.

Tsiku lina m'mawa kunagwa mphenzi, yaikulu ija n'kuzima. Wachiwiri analowa pampando bwinobwino, ine n'kumadziguguda pachifuwa. Posakhalitsa kalaliki wa kusikelo anaimba foni.

"Achimwene, thamangani. Nambala ina ikukana, kompyuta ikuti tsamba la zolemba zake lawonongeka."

"Nambala ya ndani?"

Anatsokomola kaye. "Ya apongozi anu."

Mayo ine! Alimi onse a ku Khwethemule aja, chinthucho n'kusankha mayi a mkazi wanga! Kwathu kuno mkamwini sayang'anizana ndi apongozi ake, mukakumana panjira wina amapatukira m'tiyi. Koma ofesi ya kusikelo ndi kachipinda kamodzi basi. Apongoziwo anakhala pabenchi atayang'ana khoma, ine pakompyuta nditawafulatira, kalaliki pakati ngati nkhoswe.

"Auzeni kuti masamba akupsa," anatero apongozi, akulankhula ndi khomalo.

Samanama. Mvula inali itakata, dzuwa lili phwee. Tiyi wothyola akakhalitsa m'thumba amatentha n'kufiira, fakitale n'kumukana. Thumba lawo linali pakhomo, anzawo onse atayezetsa kale.

Nditafufuza ndinapeza kuti mphenzi inagwa wachiwiri ali pakati pokopera, ndiye tsamba limodzi linalembedwa theka. Ndinamanganso mlozera wa manambala, kukana. Ndinayesa kudzutsa yaikulu, zii. Malaya anga ananyowa kumsana konse, ndipo msanawo ndi umene iwo akanauona akanangocheuka.

"Afunseni," anateronso, "kusukulu kuja anakaphunzira kutuluka thukuta?"

Kalaliki wopanda chisoniyo anandifunsadi, mawu onse osasiyako. Ndinapsa mtima, koma ukwiyire ndani? Ndinakwiyira kiyibodi.

Kenako ndinakumbukira kope lakale la mayina ndi manambala onse limene tinkasunga padera. Ndinatengamo mzere wa nambala yawo yokha n'kuubwezera. Inatseguka! Ndinatsala pang'ono kuvina.

Kalaliki amatchula dzina mokweza asanayeze, ndiwo mwambo wa kusikelo. Anawerenga osaganiza, ndipo dzina limene linatuluka pakamwa pake linali la malemu apongozi aamuna. Kopelo linali la nthawi imene iwo anali moyo, munda usanalembedwe m'dzina la mayiwa.

Ndinachita manyazi, chisoni chinandigwiranso.

"Apepeseni," ndinauza kalaliki. "Ndikonza pompano."

Apongozi anapukuta maso ndi nsonga ya chitenje.

"Auzeni asakhudze. Tiyi ameneyu anadzala ndi malemuwo. Asiyeni ayezetse lero, ine ndidzayezetsa mawa."

Kalaliki anatuluka n'kukakoleka thumba lija pasikelo.