Nyimbo Imene Ndinazimitsa ku Romford

M'chaka changa chachiwiri pa ntchito kunyumba yosamalira okalamba m'tauni ya Romford ku Mangalande, ndinapatsidwa abambo ena a ku Scotland amene kale ankayendetsa basi. Thupi linali litatha, koma makutu anali akuthwa. Pambali pa bedi lawo panali kawailesi, ndipo kankangoimba nyimbo za gulu limodzi la kwawo: amuna ovala masiketi, oimba magitala aphokoso ndi chitoliro cha thumba, mawu ake nthabwala zokhazokha. Imene ankaikonda koposa inali ya munthu amene mano ake oikirira anagwa gule ali mkati.

"Seka, mwana iwe," ankatero ndikamawasambitsa. "Nkhope imeneyo ndi ya m'busa."

"Ndiseka mukamwa mankhwala, agogo."

"Ndiye kuti tonse tifa osaseka."

Akazi awo ankabwera pa basi tsiku lililonse. Anandiuza kuti awiriwo anakumana ku dansi ya gulu lomwelo, ndipo anandipempha chinthu chimodzi: ngati tsiku lomaliza la amuna awo lidzafike iwo palibe, nyimbozo zisadzazimitsidwe. Ndinavomera msanga, osalingalira kulemera kwa zimene ndinkavomerazo.

Tsikulo linafika Lachitatu m'mawa, mayiwo ali m'njira. Kupuma kwa agogo kutasintha, nyimbo ya mano ija inali pakati. Ine ndinakulira m'banja limene munthu akamatsirizika timatsitsa mawu ndi kumuimbira nyimbo ya m'buku, kuti apite mwaulemu. Kuseka kwa oimbawo kunandichititsa manyazi, ngati ndine amene ndinkanyoza wodwalayo. Ndinazimitsa kawailesi, ndinagwada, n'kuyamba nyimbo ya kutchalitchi kwathu. Agogo anatsegula maso n'kuyang'ana kumbali. Ndinkayesa akuyang'ana zenera, koma kumeneko n'kumene kunali kawailesi. Anatsirizika ndisanafike ndime yachitatu.

Mayiwo atalowa, asanavule n'komwe jasi, anandifunsa kuti, "Wapita ikuimba iti?"

Panalibe mboni, ndipo bodza likanawatonthoza. Komabe ndinanena zoona. Sanakalipe. Anakhala pansi, nagwira dzanja la amuna awo.

"Unamufunira zabwino, mwana wanga," anatero. "Kungoti nyimbo za kutchalitchi anasiya kuzimvera titaika mwana wathu m'manda. Zinkamuopsa, ngakhale za chilankhulo china."

Nkhaniyi ndaisinkhasinkha kwa zaka. Mwambo wa kwathu sunalakwe. Ndinalakwa ndine, chifukwa ndinapereka ulemu umene ine ndikanaufuna m'malo mwa umene ndinapemphedwa, ndipo munthu anatha mphindi zake zomaliza ali ndi mantha amene mkazi wake anayesetsa kumutchinjiriza.

Ku maliro anaika nyimbo ya mano ija, anthu n'kumavina misozi ili mbwembwembwe. Ine ndinaima kumbuyo. Mayiwo sanabwerenso ku Romford, ndipo sindinapezenso mpata wowapepesa bwino.

Masiku ano wokalamba aliyense akafika, ndimamufunsa nyimbo yake n'kuilemba patsamba loyamba la fayilo. Ya mano ija ndimaidziwa pamtima tsopano, koma sindinaisekebe.