Khasu la Abambo pa Bwalo la Mpira

Ndinaganiza zopita ku Joni chaka chimene amayi anamwalira. Maliro anatisiya manja ali m'khosi, kabaza wanga sankabweretsa kanthu, pomwe anzanga a ku Chibavi amene anatsogola ankatumiza zithunzi masaya ali phwii. Nditawauza abambo, sanandiletse. Anangoti, "Pita, koma munthu amadya chimanga, osati zithunzi."

Abambo kwawo ndi ku Dedza. Anabwera ku Mzuzu ali mesenjala wa boma, ndipo atapuma pantchito sanabwererenso. Chinawagwira kuno ndi kamunda kamene ankalima pamalo a khonsolo, kumunsi kwa Chibavi. Aliyense ankadziwa kuti malowo si athu, koma anthu anagawana okha kalekale, malire ake kukhala mizere ya chinangwa. Amayi atatisiya, mundawo ndiwo unkawadzutsa m'mawa.

Ku Joni ndinapeza ntchito ya m'galadeni kwa mzungu wina. Kumeta kapinga, kuthirira kapinga, kumetanso. Ndalama inalipo, sindinama, ndipo mwezi ukatha ndinkatumiza ya feteleza ndi ya sopo. Koma Lamulungu linkandiwawa. Tinkagona mothithikana m'kachipinda kamodzi, komabe munthu n'kumadzimva uli wekhawekha. Ndikaimba foni, abambo sankachedwa: "Tili bwino, mvula ikugwa, sunga mayunitsi." Tsiku lokhalo limene anacheza nane nthawi yaitali ndi limene ndinawafotokozera ntchito yanga. Anaseka mpaka kutsokomola. "Ulendo wonsewo n'kukathirira udzu? Akudya ndani?"

Nkhani ya munda ndinaimva kwa mlongo wanga Esinati, amene anakwatiwa ku Chiputula. Khonsolo inapereka malo aja kwa bungwe lina losachita malonda kuti likonze mabwalo a mpira wamiyendo ndi wamanja, oti ana a m'dera azisewerapo ulere. Olima anauzidwa kuti akakolola asabzalenso. Abambo ndiwo anatsogolera okana, ndipo pamsonkhano analankhula mpaka mawu kusasa, koma sizinathandize. Kunena zoona, ine za chimanga sizinandidetse nkhawa, poti ndikanatha kugula. Mwinanso ndinakondwerako, chifukwa ana a kwathu ankamenyera mpira mumsewu, njinga zamoto zikuwazemba. Chimene ndinaopa n'chakuti nkhalamba ija idzadzukira chiyani.

Patapita miyezi, Esinati ananditumizira mawu pafoni akulira. "Achimwene, adadi mutu sukuyenda. M'mawa uliwonse akumanyamula khasu, ati akupita kumunda, pomwe munda kulibe. Aneba akuti anawaona akuunda mizere pakati pa bwalo. Ndikawafunsa akumandikalipira."

Mawu amenewo ndinawamvera mobwerezabwereza nditakhala pansi m'galadeni mwa eni. Ndinaonapo madala amene akalandidwa chowadzutsa amayamba kulankhula okha, kenako n'kutsatira akazi awo kumanda. Ndinapempha tchuthi. Abwana anavomera monyinyirika, nati ndikachedwa apeza wina. Ndinakwera basi nditatsimikiza mumtima kuti ngati abambo asokonekeradi, za Joni zathera pomwepo.

Ndinafika m'mawa kukuwaza kamvula kathu ka ku Mzuzu kosadziwa nyengo. Kunyumba ndinapeza loko, ndiye ndinasiya chikwama kwa aneba n'kutsetserekera kumunda kuja. Sindinapazindikire. Chinangwa chonse kulibe, pali mpanda wa waya, magolo opaka penti yoyera, atsikana akuponyerana mpira mbali ina. Ndipo kumapeto kwenikweni, munthu atawerama ndi khasu, chipewa chomwe chija.

Ndisanafike pafupi, anaweramuka n'kukuwa: "Iwe wa malaya ofiira! Choka pamenepo, kapinga ameneyo sanagwire!" Anyamata amene ankamenya mpira chapafupi anathawira mbali ina akuti, "Pepani adada, pepani!" Mawu amenewo sanali a munthu wodwala mutu. Anali omwe aja amene tinakula nawo.

Mayi wina wa jekete la masewera anandiyandikira. "Monire. Ndinu mwana wawo wa ku Joni? Ine ndine NyaMhango, ndimayang'anira pano." Ndinamufunsa mosazungulira ngati abambo ali bwino. Anaseka.

"Adada awa anatisuzga chomene, anativutitsa kwambiri," anatero. "Thirakitala itangosalaza, anabwera n'kuunda mizere pakati penipeni. Tikafafaniza, mawa tipeza aundanso. A komiti anati tiitane apolisi, ine ndinakana. Ndinawapeza m'mawa wina n'kuwauza kuti, adada, khasu lanu ndi lamphamvu, koma likulima polakwika. Madzi akutivuta, talisunthirani m'mbali umu likumbe ngalande. Anasowa masiku angapo, kenako ndinangopeza ngalande yayambika."

Kuchokera pamenepo bungwe linawapatsa udindo wosamalira bwalo, ndi kangachepe pamwezi. M'mbali mwa mpanda anasiyamo kamzere koti olima akale azibzalamo mpiru. Ena anavomera, ena mpaka lero sadutsa njira imeneyo, ndipo sindiwaweruza, chifukwa mpiru si chimanga.

Abambo atandiona sanadabwe kwenikweni. Anapukuta dzanja pa buluku n'kundipatsa moni ngati ndinachoka dzulo. Ndinawafunsa chifukwa chimene anabisira Esinati, mwana akulira usana ndi usiku.

"Ine amene ndinatsogolera anthu kukana," anatero motsitsa mawu, "ndikauze ana anga kuti ndikubzala udzu?"

"Akudya ndani, adadi?"

"Khala chete, gwira khasu ili."

Ndinaseka mpaka misozi, ndipo misozi ina sinali ya kuseka. Mtima umene unali m'mwamba kuyambira ku Joni unakhala pansi. Ndinaimbira Esinati pomwepo kuti abwere adzaone yekha wodwala wake akuthamangitsa mbuzi pagolo.

Masiku amene ndinakhala, ndinkapita nawo m'mawa uliwonse. Anawonda pang'ono, inde, koma ankadya bwino, ndipo madzulo ankandisimbira za matimu a ana a ku Msongwe ngati anabadwira mumpira. Ndili kutali ndinkaganiza kuti kwathu kunaima chilili, kudikira ndalama zanga ndi nzeru zanga. Ndinapeza kuti anthu anakangana, anapwetekana, n'kupezana okha ine kulibe.

Tchuthi chitatsala pang'ono kutha, ndinawauza kuti ngati akufuna, ndikhoza kusiya ntchito n'kukhala nawo. Anandiyang'ana ngati ndawatukwana.

"Ukhale kuti uzitani? Basi yako ikunyamuka liti?"

"Loweruka m'mawa."

Anapukusa mutu. "Ndiye akuperekeze Esinati. Loweruka kuli fainolo ya atsikana, ndipo laimu wolembera mizere ya bwalo sindinathire."