Dzina la Thumba la Ufa

Dzina la bambo limene ndimalembetsa si lakwathu, ndi la Chisikoti. Agogo anga aamuna ankaphikira mmishonale wina ku Blantyre, anthu n'kumangowaitana ndi dzina la bwana wawoyo mpaka linawakanirira ngati chisoso. Ndinkadana nalo koopsa. Kusukulu ndinagulula mnzanga dzino chifukwa chonditcha mzungu wopserera. Nditafika ku America m'zaka za m'ma 1990 ndinalumbira kuti tsiku lolandira unzika ndidzalitaya, poti kuno amalola kusintha dzina patsikulo.

Ndinkagwira ntchito yosamalira okalamba. Tsiku lina ananditumiza ku Falls Church kwa mkulu wina wakufa ziwalo mbali imodzi, ndipo dzina lawo linali langa lomweli. Atamva dzina langa anaseka mpaka kutsamwa.

"Msuweni! Dzuwa linakuwaula kuti?"

Ndinaponya thaulo pansi. "Madala, ine si m'bale wanu. Dzinali anatisenzetsa ndi anthu anu. Tembenukani ndikusambitseni."

Sanakwiye. Ndikuwakhula kumsana, anayamba kusimba ndi pakamwa pawo popotokapo. Asanadwale anapita ku Scotland kukafufuza kumene dzinalo linachokera, akudzimva kuti ndi magazi achifumu. Anakwera phiri lamphepo mpaka pabwinja la makolo awo. Anangopezapo zipupa zamiyala zopanda denga, nkhosa zikudya msipu m'kati. Mkulu wa mpingo wa kumeneko ndiye anawauza zoona zake. Makolo awo sanali a dzina limenelo ayi. Chaka china cha njala anatsikira kwa mfumu ya fuko lina, imene inkapatsa thumba la ufa aliyense wovomera kutenga dzina lake.

"Thumba limodzi, msuweni. Iwe ndi ine tonse tinalitola kukhitchini."

Ndinaima chilili, madzi akuchucha m'kansalu kosambitsira. Ine ndinkayesa kuti azungu amabadwa ndi mayina awo ngati mmene amabadwira ndi mphuno. Kodi nawonso njala inawavulapo dzina? Ndinayamba kuliona dzinalo likuyenda: kutsika phiri lija, kwina kuwoloka nyanja kudza kuno, kwina kukwera mtsinje wa Shire mpaka pamafuwa a agogo anga, kenako n'kudzakumana lokhalokha m'bafa, wina akusambitsa mnzake. 

"Nanga dzina lanu lakale linali loti chiyani?" ndinafunsa, mawu atatsika.

"Palibe akulidziwa. Ndinafunsa paliponse. Nanga lako?"

Langa ndinkalidziwa. Azakhali ankalitchula nthawi zonse pothokoza agogo akawaninkha fodya. Ndinalitchula. Mkuluyo analibwereza, lilime likukana, n'kulibwerezanso mosamala ngati munthu wonyamula dzira la eni ake.

"Uli ndi awiri, mbuzi iwe, ndipo ukulira. Ine ndili ndi limodzi, lobwereka."

Akanakhala wina wonditcha mbuzi, bwenzi beseni litamuthera kumutu. Ndinangowapukuta n'kuwaveka malaya.

Mkuluyo anamwalira ndisanalandire unzika. Tsikulo litayandikira, mkazi wanga anandikumbutsa lumbiro lija uku akusita suti yanga kunyumba kwathu ku Wheaton.

"Bambo a ana, mwachita mantha eti? Si paja munkati mukalitaya?"

"Mayi, sitani suti," ndinatero.

Sindinalitaye. Ndinapempha kuti andilembe onse awiri, la agogo lenileni patsogolo, la ufa pambuyo.