Zikhomo za giredi 8 m'munda wa Amake Tisa

Lachiwiri lapitali ndinatsala pang'ono kulawa mpini wa khasu pamsana, ndipo chifukwa chake chinali masamu.

Ndimaphunzitsa giredi 8 pasukulu ina cha kuno ku Palabana. Teremu ino tafika pa phunziro lopeza malo ndi mizere iwiri, wa x ndi wa y, komanso kuyeza ngodya. Buku limati mwana aliyense akhale ndi pepala la timabokosi ndi pulotirakita yake. Amene analemba bukulo sanapondepo kuno. Pulotirakita tili nayo imodzi, yathabwa, ndipo chiswe chinadyako mbali yonse yakumanzere.

Ndiye ndinawatulutsa ana panja. Tinasema zikhomo, tinalumikiza ulusi wa matumba a feteleza mpaka unakhala zingwe zazitali. Chimodzi tinachikoka kuchokera kumadzulo kupita kum'mawa, china kuchokera kumwera kupita kumpoto. Kuti zikumane mowongoka pakati tinachita monga amachitira amisiri pokumba maziko a nyumba: mfundo zitatu uku, zinayi uku, zisanu chopingasa. Kenako chikhomo pa sitepe iliyonse. Ndikafuula kuti “Atatu kum'mawa, awiri kumpoto!” mwana ankathamanga n'kukaima pamalopo. Ngakhale akatswiri a tulo a kumbuyo kwa kalasi ankalimbirana kuti ndiwatchule.

Vuto linabwera ndi manambala a mainasi. Bwalo lathu ndi laling'ono, choncho mbali ya mainasi inadutsa malire n'kulowa m'munda wa mnansi. Chimanga anakolola kale, mwangotsala mapesi. Ndinati palibe kanthu. Safunsa anadya phula.

Mwini mundawo ndi Amake Tisa, mayi wamasiye wochokera ku Katete, ndipo Tisayo ali m'kalasi mwanga momwemo. Tinangoona mayi akubwera chothamanga, khasu kumanja. Moni sanapereke. Anayamba kuzula zikhomo n'kumaziponya kutali.

“Aticha, mwagulitsa kwa ndani munda wanga? Nindani wakutumani?”

“Amai, ni masamu cabe, tiphunzira…”

“Masamu? Cha ku Silverest anayamba tero, na nthambo na tumitengo. Lomba pali waya, eni ake alima kuti? Ine nilibe pepala. Atate ake Tisa anapatsidwa na pakamwa, ndipo ali m'manda.”

Ana anaseka, koma Tisa anangoweramitsa mutu. Ine ndinachita manyazi kwambiri. Mundawo ndi umene umadyetsa ana anayi a mayiwo.

Ahedi nawo sanachedwe. “Ba Ticha, masamu ni ya pa bodi. Bwezani bana mu kilasi, sitifuna milandu.”

Pepani ahedi, ndimakulemekezani, koma apa ndiye ndakana.

Tiyeni tifunsane, owerenga anga. N'chifukwa chiyani mayi wamkulu ndi nzeru zake anjenjemera poona kamtengo kokhomedwa pansi? Ndi wopusa? Ayi ndithu. Waona zimene zikuchitika m'mbali mwa msewu wa ku Lusaka. Imabwera galimoto, amatsika anthu ndi makina a miyendo itatu, amasuzumira, amalemba manambala, amapita. Ife timangoima poteropo manja kumbuyo. Manambalawo akunena za nthaka yathu, koma palibe mmodzi wa ife angawawerenge, kapena kunena kuti “Apa mwalakwa.”

Nanga malire athu timawasunga bwanji? “Kuyambira pachulu mpaka pamsuku paja.” Chulu amachigumula oumba njerwa, msuku amaudula ootcha makala, ndipo nkhalamba imene inaloza malirewo sikhala muyaya. Chakudza sichiyimba ng'oma.

Ndiye wina andiuze kuti mwana wa mlimi aphunzire x ndi y pabolodi pokha, aloweze, alembe mayeso, aiwale? Kuti tsiku lina adzaime m'munda wa amayi ake manja kumbuyo, satifiketi ili m'sutikesi?

Lachitatu ndinapita kukapepesa, monga ndinayenera kuchitira poyamba pomwe. Ndinakhala pampando wachikumba, ndinalandira mawu anga onse, ndipo anali ambiri. Atatopa ndinapempha chinthu chimodzi: alole kalasi iyeze munda wawo, Tisa aujambule m'kope, pepalalo likhale lawo.

“Pepala izakhala na ine? Osati kwa ahedi?”

“Na imwe, amai.”

Lachisanu tikatuluka sukulu tinapita, ahedi atalola mokokakoka. Ngodya zitatu sizinavute: mwala waukulu, chitsime chakale ndi chulu. Ana anakoka zingwe, anawerenga masitepe, ndipo ngodya anayeza ndi mapulotirakita a makatoni a sopo amene tinadzipangira tokha.

Pa ngodya yachinayi zinthu zinaima. Panali mtengo wa msuku, koma ootcha makala anaudula zaka zapitazo, ndipo pano pali udzu wokhawokha. Amake Tisa anayenda uku, anabwerera uku, akupalasa ndi phazi. Kenako anakhala pansi. Kutsidya kwa udzuwo kuli munda wa munthu wina amene mizere yake imasendera chaka ndi chaka.

Tisa ndiye anafunsa. “Amama, mukaima pachulu, msuku munali kuuona kuti?”

“Unali kubisa mtanda wa pa chalichi.”

“Nanga mukaima pachitsime?”

Mayi anaganiza. “Kumbuyo kwake kunali kuoneka thanki ya madzi ya pa famu.”

Mtsikanayo sanandiyang'ane n'komwe. Anatuma anzake awiri kukoka chingwe kuchokera pachulu molunjika mtanda wa patchalitchi, ena awiri kuchokera pachitsime molunjika thanki. Mizere iwiri yosiyana njira imakumana pamalo amodzi okha. Izi ndinazilemba pabolodi mwezi wathawu, ndipo palibe amene anaphethira. Pamene zingwe zinapingasana ana anayamba kukumba. Poyamba sanapeze kanthu. Atasendera sitepe imodzi, khasu linagunda chitsa chakuda chowauka ndi moto.

Amake Tisa anagwada, anachigwira ndi manja onse awiri, ndipo analira mokweza, akutchula dzina la malemu amuna awo. Inenso misozi inalengeza, sindibisa.

Musandimve molakwa. Chojambula cha m'kope si pepala la boma, ndipo ndinawauza mayiwo momveka bwino. Sichingaimitse munthu wa ndalama ndi waya wake. Koma akadzakhala pansi akuluakulu kuweruza za malire, banjali lidzakhala ndi munthu wotha kunena kuti masitepe ndi akuti, ngodya ndi yakuti, bwerani tiyeze. Kale analibe.

Choncho Lolemba tikutulukanso, ndipo ulendo uno ndiyamba ndapempha kwa eni malo. Aphunzitsi anzanga, musadikire mapepala a timabokosi ochokera ku Lusaka, tidzakalamba tikudikira. Ulusi ulipo, mitengo ilipo, makatoni ali mbwee pamsika. Makolo, mukaona ana ali panja ndi zingwe musafulumire kunena kuti aticha atopa kuphunzitsa.

Madzulo ano mufunse mwana wanu wa sukulu kuti akulozereni pamene munda wanu umathera, ngodya zonse zinayi. Akalephera, tsiku limene inu simudzakhalapo adzamuimira ndani?