Chikole cha Msonkho wa Njinga

"Njinga imeneyi siituluka pano, alamu, ngakhale mukuwe mpaka akumveni ku Linthipe!"

Amene anandikalipira choncho ndi mchimwene wa mkazi wanga, wotolera msonkho pa chipata cha msika wa Mayani. Anali atagwira kaliyala ndi manja onse awiri, ine nditagwira mahendulo, njinga ili pakati pathu ngati mbuzi ya mlandu. Linali tsiku la msika, nyengo yozizira, mbatatesi zanga nditagulitsa kale. Ndinkangofuna kupita kunyumba.

"Ndalama izi," ndinatero. "Landirani, mundidulire chiphaso, ndizipita."

"Zapamanja tinasiya kulandira. Msonkho wa njinga ndi wapafoni tsopano. Foni muli nayo, ikuoneka m'thumba la jeketelo."

"Mwayambanso kusecha anthu ndi maso?"

"Lipirani, alamu, anzanu ali pamzere."

"Sindilipira pafoni. Lembani penapake kuti ndakana."

Azimayi a tomato anasiya kuitanira malonda. Akabaza anatsika panjinga zawo n'kutizungulira. Palibe amene anabwera kudzaleretsa. Masiku ano anthu akaona mkangano saleretsa, amatulutsa mafoni n'kuyamba kujambula.

Anthu amati ndili ndi mtima wapachala, ndipo sinditsutsa. Koma tsiku limenelo sindinkakana chifukwa chongokonda phokoso. Kwathu kuno mwamuna amakakhala kwa mkazi. Ine ndinakwatira m'mudzi wina wa kufupi ndi Kasina. Nyumba ndinamanga ndine, koma inaima pa dothi la akuchikazi. Munda ndi wawo. Mapichesi ndinabzala ndine, koma mtengo sungauzule n'kuusenza. Ana ndi a mbumba yawo, ndipo mwinimbumba wake ndi alamu omwewa. Mkamwini chake chenicheni ndi chimene chili ndi matayala. Njinga yangayo ndinaigula ndisanakwatire, ndi thukuta locheka matabwa m'mapaini a m'phiri la Dedza. Ndasinthapo matayala, tcheni, chishalo ndi masipoko kosawerengeka, koma njinga ndi yomweyo. Sindikunena kuti ndinkafuna kuchoka pabanja. Takalamba limodzi ndi mkazi wanga, ndipo kwathu kumene ndinachokera ngakhale agalu sangandizindikire. Koma mwamuna amayenda mowongoka akadziwa kuti pali chinthu chimodzi chimene munthu sangachiloze n'kunena kuti ndi cha kwathu.

Tsono vuto linali pafonipo. Inatumizidwa ndi mwana wathu wamkazi amene ali ku Joni ndi mwamuna wake. Ndi zija zagalasi lokhalokha, zosisita ndi chala. Tsiku lokagula layini, munthu wogulitsayo anafuna chitupa changa, kenako anati ndiime pakhoma andijambule nkhope. Ndinamufunsa kuti nkhope yangayo ikupita kwa yani. Anati kukampani. Ndinati mwini kampaniyo atumize kaye yake ndiione. Tinakangana mpaka mkazi wanga anatulutsa chitupa chake n'kukaima pakhomapo. Choncho layini inalembedwa m'dzina lake.

Ukalipira msonkho wa njinga pafoni, pamabwera uthenga umene umakhala chiphaso chako. Ndinauonapo pafoni ya mnzanga wina wa kabaza. Umalemba dzina la mwini layini, kenako mawu akuti mwini njinga. Foni siifunsa kuti anacheka matabwa ndani. Ikanangolemba dzina la mkazi wanga, ndipo woliwerenga pachipata tsiku lililonse la msika akanakhala mchimwene wake. Alamu anga nkhani imeneyi ankaidziwa bwino, n'chifukwa chake pokangana paja pakamwa pawo pankaoneka kaphwete.

Ine sukulu ndinafika Folomu 4, ndiye sindinganamizidwe kuti foni ndi matsenga. Tsiku loyamba inatulutsa chikalata chachitali cha Chingerezi, pansi pake n'kulemba kuti vomerezani. Anthu onse amangodina. Ine ndinakhala pakhonde n'kuwerenga mpaka batire linatha. Zimene ndinamva n'zakuti eni ake, anthu olemera a kutsidya kwa nyanja, aziona kumene ndapita, amene ndalankhula naye ndi zimene ndayang'ana, ndipo ine ndiziwathokoza. Apongozi anga, Mulungu ause mzimu wawo, sanafikepo pamenepo.

Ndipo amaonadi. Ndinangofunsa kamodzi za mtengo wa tayala, sabata yonse foni inandionetsa njinga zonyezimira za azungu ovala timakabudula tothina. Nditakangana ndi munthu wotchaja mafoni, mawa lake inandionetsa mankhwala a kuthamanga kwa magazi. Mwina zinangochitika, koma sindinakondwe nazo. Pamaliro masiku ano ukaona anthu awerama umati akupemphera, koma ukayandikira chala chikusisita galasi. Gulu la mphakati wathu lili pafoni, ndipo m'mawa uliwonse anthu amatumizirana maluwa ojambula, anthu omwewo amene mukakumana panjira moni amakupatsa ngati akukubwereka.

Funso langa, limene palibe anandiyankha mpaka lero, ndi ili. Makampani amenewa malonda awo amadutsa pamwamba pa mudzi wathu usana ndi usiku. Amalowa mumsika wa Mayani, amalowa m'tchalitchi, amalowa ngakhale kuchipinda. Ndani anawaimitsapo pachipata n'kuwagwira kaliyala? Koma njinga yanga, yosatulutsa utsi, yoyenda pamsewu umene maenje ake timakwirira tokha ndi makasu mvula ikatha, imeneyo ndiye yapezeka ndi mlandu. Zimenezi ndinazinena zonse pachipata paja, mokweza, ndipo ena anaomba m'manja ndi dzanja limodzi pantchafu, poti linalo linali litagwira foni.

"Mwamaliza ulaliki?" anafunsa alamu anga. "Ngati simukufuna dzina la achemwali, gulani layini yanu. Khoma lojambulira lilipo."

"Nkhope yanga siipita kwa munthu wosamudziwa."

"Ndiye njinga igona muofesi ngati chikole mpaka mutalipira. Lamulo silinapangidwe ndi ine."

Mawu akuti chikole ndi amene anandipatsa nzeru. Ndinapisa m'thumba n'kutulutsa foni ija.

"Chikole ichi. Mtengo wake ukuposa njinga. Mumaikonda kwambiri, gonani nayo."

Alamu anasiya kaliyala. Anayang'ana foni, anayang'ana ine.

"Achemwali akudziwa zimenezi?"

"Panyumba panga mwamuna ndine."

"Panyumba panu," anatero, n'kulandira.

Akabaza anaseka. Ine ndinakwera njinga yanga n'kuliza belu kawiri kuti aliyense amve.

Foniyo inkayenda ndi ine tsiku la msika chifukwa kumudzi kulibe magetsi. Ndinkaitchajitsa pa Mayani n'kugulirako bandulo. M'mawa wa tsikulo mkazi wanga anandiperekeza mpaka kumsewu, chinthu chimene sachita, n'kunena kuti, "Itchajidwe idzaze, mugule bandulo, ndipo musachedwe." Ndinangoti ndi nyimbo ya masiku onse. Ndinkadziwa kuti mwana wathu wa ku Joni ndi woyembekezera, koma za masiku ake amuna sitiuzidwa. Zimenezo azimayi amakambirana okhaokha, ife timangomva kuti wachira.

Ndinapalasa mokondwa, zitunda zonse osatsika. Nditafika ndinapeza mkazi wanga ali pakhonde ndi mayi wa nyumba yoyandikana nafe, mitu itagundana pafoni ya mayiyo. M'fonimo munkamveka mawu anga, akukuwa za maenje a mumsewu. Kanema uja anali atafika kale pagulu la mphakati. Njinga yanga imathamanga, koma pamenepo inagonja.

Mayi uja anandipatsa moni osandiyang'ana, n'kusuntha pang'ono.

"Abambo," anatero mkazi wanga, "foni ili kuti?"

"Mwaona kale, mukufunsiranji?"

"Ndikufuna ndimve pakamwa panu."

"Ili ndi achimwene anu. Aisunga bwino, ndi munthu wa malamulo."

Ndinkayembekezera phokoso, ndipo mayankho ndinali nditakonza kale panjira. Koma iye anangopinda manja pamiyendo.

"Mwana wanu analowa m'chipatala dzulo. Matenda ayamba. Mwamuna wake anati aimba lero."

"Bwanji simunandiuze?"

"Zimenezi amauza amuna kuyambira liti? Ndinakuuzani kuti musachedwe. Munthu wamkulu amamva pomwepo."

Pakati poyamba pa mwana ameneyu panapita padera, ndipo iye mwini anatsala pang'ono kutisiya. Nthawi imeneyo mayi ake sanathe kupita, ku Joni si kuseri kwa phiri. Ndicho chifukwa chake mwanayo anatumiza foni ija. Sanaitumize kuti ine ndiziwerenga Chingerezi cha makampani.

Ndinati tiimbe pafoni ya mayi woyandikana nafeyo. Nambala ya ku Joni palibe anaisunga pamutu. Inali m'foni, monga zonse zilili m'foni masiku ano. Ndinati ndibwerera ku Mayani pompano, dzuwa lisanalowe. Mayi uja anaimbira alamu anga, ndipo iwo anati foni aithimitsa n'kuitsekera m'kabati ya muofesi, kiyi wapita ndi mkulu wa msika kwawo, abwera m'mawa. Alamuwo anafunsa ngati kuli vuto. Mkazi wanga analanda foni ya mayi uja, anapita nayo kuseri kwa nkhokwe, ndipo zimene anauza mchimwene wake sindinazimve.

Madzulo amenewo sanandinene. Anaphika, anandipatsa madzi osamba, anatsekera nkhuku. Kenako anatenga kolona n'kukakhala pa mwala wa kumtunda kwa nyumba, pamene timakwera tikamafuna netiweki, ngakhale m'manja munalibe foni. Mphepo ya mwera inali itayamba. Ine ndinatembenuza njinga, matayala m'mwamba, n'kuyamba kuthira oyilo patcheni chimene sichinkafuna oyilo. Ndinapukuta masipoko limodzilimodzi. Maganizo anga pa makampani aja sanasinthe, ndipo mpaka pano sanasinthe. Koma munthu amene anali pamwala paja sanali wa kampani.

M'mawa kutacha ndinapinda thumba lopanda kanthu, ndinaliyala pakaliyala, pamwamba n'kuikapo bulangete laling'ono, n'kumanga ndi mphira.

"Kwerani, amayi."

Anakwera. Kunali chifunga choti sungaone mbuzi ili patsogolo pako. Pazitunda ankafuna kutsika, ndinati akhale. Tinafika pa Mayani ogulitsa akungoyala kumene malonda. Alamu anga anali pachipata, foni ili m'manja, atapita okha kukatenga kiyi kusanache. Sanaseke.

Mkazi wanga anaiyatsa. Inatenga nthawi yake, kuonetsa timaluwa take, ngati sikudziwa kuti anthu akudikira. Kenako inayamba kulira motsatizana. Anadina uthenga wa mawu n'kuika kukhutu. Ndinaona mapewa ake akutsika.

"Wachira," anatero. "Wamkazi. Onse ali bwino."

Anationetsa chithunzi. Kamunthu kofiira, kokwinya nkhope, kukamwa kuli yasa.

"Kakukalipa kale," anatero alamu. "Tikudziwa kumene katengera."

Ndinawalola kupambana, ndipo aliyense wondidziwa angakuuzeni kuti zimenezo sizichitikachitika.

"Tsono alamu," anapitiriza motsitsa mawu, "mkulu wa msika ali apoyo, akuona. Chikole chatuluka. Ndiye kaya njinga ilowe m'malo mwake, kaya msonkho ulipidwe. Sankhani nokha."

Ndikanatha kuisiya njingayo muofesi. Ikanakhalabe yanga, yotsekeredwa koma yanga. Koma mkazi wanga maondo amamuvuta, ndipo kuchokera pa Mayani kufika kwathu ndi zitunda zokhazokha. Analinso ndi mudzi wonse woti akauonetse chithunzi, ndipo sindikanalola kuti agogo atsopano akalowe m'mudzi atakwera kabaza wa munthu wina.

"Lipirani, amayi," ndinatero.

"Mwatsimikiza, abambo?"

"Ndanena kamodzi."

Anadinadina, mchimwene wake akumuuza manambala. Uthenga unabwera. Alamu anauwerenga chamumtima, koma ine ndinati awerenge mokweza, poti ndi ntchito yawo. Anawerenga dzina la mlongo wawo lonse, kenako mawu aja akuti mwini njinga.

Mkazi wanga anakulunga foni pansonga ya chitenje, anamanga mfundo, n'kukhala pakaliyala.

"Muziyenda nayo bwino," anatero. "Pamaenje muzitsika."

Ndinayang'ana uku ndi uku kuti ndione ngati pali amene akujambula. Panalibe. Ndinaponda pedulo n'kuwapalasa eni njinga mpaka kunyumba.