Wosonkha Moto Achiza Kompyuta

A Nasoni anachoka ku Phalombe ndevu zisanamere, nakhala zaka makumi atatu akusonkha moto m'mabalani owotchera fodya pa esiteti ina ku Kasiya. Sukulu analekeza sitandade thuu. Koma akangoika dzanja pakhoma la balani, ankadziwa ngati fodya ali bwino kapena akupserera.

Mkamwini wawo Owen anali ndi kompyuta yolumikiza yekha ndi zipangizo zotolatola mu Lilongwe, ndipo anthu ankaseweretsapo gemu ya mpira m'kashopu kake pa Nsaru. Mu Okutobala inayamba mwano: masewera akangofika pokoma, thi! yazima. Owen anasintha mawaya, anatukwana amene anamugulitsa zipangizo, koma ayi ndithu.

Tsiku lamsika a Nasoni analowa m'kashopumo kudzathawa dzuwa, napeza kompyuta itazimanso. Anakhudza bokosi la kompyutalo ndi kuseri kwa dzanja, kumwamba kenako kunsi, monga ankachitira ndi balani.

"Akamwini, mabowo awa anamata ndani?"

"Ndine, bambo. Ndimaopa fumbi," anayankha Owen. Anali atamata onse ndi selotepi, n'kufunditsa chitenje pamwamba ngati wailesi.

"Balani yopanda potulukira mpweya imapsereza fodya. Chinthu chanuchi n'chanzeru, chikumazima chisanapse. Matulani!"

Owen anamatula, nachotsa chitenje. Mpira unaseweredwa mpaka dzuwa kupendeka, osazimanso. Owen anayang'anitsitsa dzanja lokakala lija, lomwe linali lisanakhudzepo kompyuta chibadwire mpaka tsikulo.

Eni dzanja anali akuswa mtedza pakhomo.

"Musadabwe, akamwini," anatero. "Moto ndi moto basi."