Akatsinzina Amagwa

Mumsewu wathu timawatchula kuti Mayi a Mabatani. Amuna awo, a Telala, ankasoka pakhonde la sitolo, iwo ali kumbuyo pa kampando kakafupi, kusokerera mabatani, kupinda masiketi m'munsi, kudula tiulusi totsalira, kusita. Chikwangwani chinali ndi dzina la bambo lokha. Kasitomala akayamikira, ankayamikira a Telala, mayiwo akungoluma ulusi.

Onse awiri ali ndi kachilombo ka HIV, ndipo sanabisepo. Mankhwala ankamwa limodzi m'mawa uliwonse, matupi ali bwinobwino kwa zaka zambiri. N'chifukwa chake a Telala atayamba kusintha, palibe amene anaganiza za matenda.

Zinayambira m'miyendo. Poyenda ankamenya pansi ndi zidendene ngati akupha mphemvu, maso ali pa mapazi. Phazi linkaphonya chopondera cha makina. Tsiku lina anadula manja awiri akumanzere pa jekete la mphunzitsi. Mayi a Mabatani anaona cholakwikacho. Anadikira kuti bambo akapume masana, n'kukonza. Posakhalitsa ntchito yonse inali yawo, bambo ankangokhala pa makina kasitomala akatulukira.

Kenako zinafika m'mutu. Sizasi ikasowa, wabisa ndi mkazi. Tiyi ankayamba amununkhiza.

"Mwathiramo chiyani umu?"

"Shuga, bambo. Yemwe uja wa dzulo."

"Bwanji akuwawa?"

Lamulungu lina kutchalitchi anthu ataimirira n'kutsinzina kuti apemphere, a Telala anagwera pa benchi. Ena ananong'onezana kuti ndi mowa. Koma mlongo wawo wamkulu, amene anabwera atamva nkhaniyi, anali ndi maganizo ena.

"Mlongo wanga mowa salawa," anatero ataima pakhomo, chikwama chili m'khwapa. "Alamu, makina mwatenga, makasitomala mwatenga. Mutu wakenso mukuufuna? Mwini wake akuti mukumuthirira zinthu."

"Khalani pansi kaye, alamu."

"Sindinabwerere mpando. Ndikumutenga, pamodzi ndi makina ake."

Mayi a Mabatani anayang'ana makinawo. Ndi amene ankadyetsa nyumba yonse. "Tiyeni kaye kuchipatala tonse atatu," anatero. "Mukamve nokha. Mukakhutira kuti ndine, mudzawatenge."

Kuchipatala anazolowera kungolandira mankhwala n'kubwerera. Ulendo uno mayiwo anapempha kuonana ndi dokotala, ndipo ananena chinthu chimene sanauzepo munthu: m'mawa uliwonse bambo akamasukusula, iwo amaima kumbuyo atawagwira lamba, chifukwa sopo akangowatsinzinitsa amagwa.

Dokotala anaimiritsa a Telala, mapazi pamodzi. "Tsinzinani, bambo." Anatsinzina, n'kuyamba kupendekera ngati chitseko choguluka. Dzanja la mayi linali kale pa lamba. Mlamu uja anaona.

Dokotala anawaunika m'maso ndi tochi, anatenga magazi, kenako madzi a mumsana. Zotsatira zitabwera, dokotala anati ndi chindoko. Chinalowa kalekale, chinangokhala phee, ndipo tsopano chafika m'mitsempha ya mumsana ndi muubongo. Anati kwa munthu amene ali ndi HIV chimatha kufika kumeneko msanga, ngakhale akumwa bwino mankhwala ake, poti mankhwalawo sapha chindoko. A Telala agonekedwa, alandira mankhwala odzera mumtsempha. Mutu ukhoza kubwererako, koma miyendo sanalonjeze. Mayi nawonso ayezedwe.

Atatuluka, mlamu anakokera Mayi a Mabatani pakona.

"Chabwino, si tiyi. Nanga chindokocho chinabwera ndi ndani m'nyumbamo?"

"Mudzawafunse alongo anu mutu ukabwerera," anayankha Mayi a Mabatani. "Inenso ndili ndi mafunso anga. Panopa tagwirani beseni ili, nthawi yowasambitsa yakwana."

Mlamu analigwira. Anathandiza kudzutsa mlongo wake, kumuvula, kumutsamiritsa, kumupukuta. A Telala anamuyang'anitsitsa n'kufunsa mkazi wawo kuti mayi ameneyu akufuna kuba chiyani. M'mawa mwake mlamu anati kunyumba kwake kulibe wowayang'anira ana, n'kunyamuka. Za makina sanatchulenso.

A Telala anatuluka m'chipatala ndi ndodo. Makasitomala akale amawakumbukira tsopano, ndipo masiku ena amaseka. Amakhala pa kampando kakafupi kaja, kusokerera mabatani pang'onopang'ono, mayi ali pa makina poyera. Chikwangwani sichinasinthe. Mlamu amaimba foni kawirikawiri, ndipo amafuna kuyankhula ndi mlongo wake yekha, mayi atachokapo.

Tiyi akafika, a Telala amamuyang'anabe kaye. Mayi a Mabatani amatenga kapu, kumwako pang'ono, kuwapatsa, n'kubwerera pa makina.